Khalidwe labwino: bwanji kudziwa chabwino sikukwanira?

Mawu oti khalidwe amachokera ku mawu oti kukhala. Pamenepa chilankhulo chinaona kale mfundo imene anthu ophunzira akhala akukanganirana kwa zaka zikwi zingapo, yakuti munthu amadziwika ndi mmene amakhalira, dzulo, lero ndi mawa, pagulu ndi pamene ali yekha. Zimene wachita tsiku limodzi, kaya zokoma kaya zonyansa, sizitiuza zonse za iye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo sungazione tsiku loyamba.

Chodabwitsa n'chakuti malangizo a kakhalidwe sasowa. Palibe wamkulu amene sadziwa kuti bodza limaononga ubale, kuti mkwiyo umapweteka mwini wake, kuti umbombo sukhuta. Tonse tinamva. Komabe munthu yemweyo amene angakuphunzitseni bwino za kuleza mtima, madzulo ake mumupeza akukalipira mwana pa kanthu kosaoneka. Mtumwi Paulo anadandaula zomwezi m'kalata yake yopita kwa Aroma, kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna ndicho amachita. Funso lenileni la nzeru zakale lagona apa. Kutchula zabwino n'kosavuta. Chovuta n'kufotokoza mmene munthu amafikira pozichita, ndi chimene chimamugwetsa atazidziwa kale.

Tiyambe ndi zimene anthu a kutali ndi kutali anagwirizana asanaonanepo. Ku Egypt kuli malangizo amene amatchedwa ndi dzina la Ptahhotep, nduna yaikulu ya mfumu Djedkare Isesi, amene anakhalako zaka pafupifupi 2400 Khristu asanabadwe. Ndi amodzi mwa malangizo akale kwambiri olembedwa amene afika m'manja mwathu. Nkhalambayo imalangiza mwana wake kuti asadzikuze ndi maphunziro, azifunsa nzeru kwa wosaphunzira monga amafunsira kwa wophunzira, chifukwa mawu abwino amabisala kuposa mwala wamtengo wapatali, komabe ukhoza kuwapeza kwa adzakazi amene akupera pamphero. Imanenanso kuti wamkulu akamamva dandaulo asamudule wodandaulayo, chifukwa munthu wosweka mtima amafuna kutula nkhawa zake kuposa kupambana mlandu. Ndimaona kuti aliyense amene anayamba wadulidwa mawu pakati pofotokoza vuto lake akhoza kuvomereza mfundo imeneyi lero lomwe. Ku China, Confucius, amene anabadwa m'chaka cha 551 ndi kumwalira mu 479 Khristu asanabadwe, atafunsidwa mawu amodzi amene munthu angayende nawo moyo wonse, anati chimene sufuna kuti chikuchitikire usachitire mnzako. Mphunzitsi wachiyuda Hillel anayankha chimodzimodzi munthu wina atamuuza kuti amuphunzitse Chilamulo chonse iye ataima ndi mwendo umodzi. Yesu anaitembenuza mfundoyo n'kukhala yotituma kuchita, osati kungopewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mtima wake ndi womwewo.

Mgwirizano umathera pamenepo. Ukafunsa kuti kodi munthu amabadwa wabwino kapena woipa, anzeru amagawikana, ngakhale a sukulu imodzi. Mencius, amene anatsatira chiphunzitso cha Confucius patapita zaka zoposa zana, ankati munthu amabadwa ndi mbewu za ubwino. Chitsanzo chake chinali ichi: aliyense akaona mwadzidzidzi kamwana kali pafupi kugwera m'chitsime, mtima umamudumpha. Sadumpha chifukwa akufuna kuyamikiridwa ndi makolo a mwanayo, kapena kutchuka pamudzi. Umangodumpha. Kwa Mencius, kudumpha kwa mtimako ndi mphukira ya chifundo, ndipo ntchito ya munthu ndi kuithirira. Ukaona munthu wouma mtima, iye ankati, usaganize kuti anabadwa choncho. Ali ngati phiri limene kale linali ndi nkhalango, koma nkhwangwa ndi ziweto zinalimeta mpaka anthu anaiwala kuti panali mitengo. Xunzi, amene anabwera pambuyo pake, anatsutsa poyera. Iye ankati munthu amabadwa wokonda phindu, wansanje, wotsata zilakolako, ndipo akangomusiya zotsatira zake ndi mikangano. Ubwino umachita kupangidwa, monga mtengo wokhota umene mmisiri amaufewetsa ndi nthunzi n'kuumangirira pa chowongolera.

Ine sindiona chifukwa chosankhira mmodzi n'kutaya mnzake. Amene anakhalapo ndi ana aang'ono anaona zonse ziwiri tsiku limodzi: mwana amene wapukuta misozi ya mnzake m'mawa ndi yemweyo amene wamulanda chidole masana. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti akuluakulu awiriwa, ngakhale anasiyana poyambira, anakafika pa khomo limodzi. Kaya uti ndi mphukira yofunika kuthirira, kaya uti ndi mtengo wofunika kuwongola, onse akunena kuti khalidwe ndi ntchito, ndipo ntchito yake ndi ya nthawi yaitali. M'mera mpoyamba.

Ku Greece mkangano unali wina. Socrates, amene anaphedwa ndi mzinda wa Athens m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, ankakhulupirira kuti palibe munthu amachita choipa akudziwa bwinobwino kuti n'choipa. Wolakwa, kwa iye, ndi munthu amene wasokonezeka, amene waona chovulaza ngati chopindulitsa. Mukamuunikira, asintha. Ndi chiphunzitso chaulemu, chifukwa chimamuona wolakwa ngati wofunika kuphunzitsidwa osati kudedwa. Koma Aristotle, wophunzira wa Plato amene naye anali wophunzira wa Socrates, anaona kuti sichikugwirizana ndi zimene timaona ndi maso. Anthu amadziwa, n'kuchitabe. Chilakolako chikafika, chidziwitso chija chimakhala ngati cha munthu woledzera amene akhoza kulakatula mawu anzeru osamva tanthauzo lake.

Yankho la Aristotle ndi limene ndikuliona kuti lapirira kwambiri. Anati ubwino wa mtima timauphunzira monga timaphunzirira luso lamanja. Munthu amakhala mmisiri womanga pomanga, amakhala woimba zeze poimba zeze. Chimodzimodzi amakhala wachilungamo pochita zachilungamo, wodziletsa podziletsa, wolimba mtima pochita zinthu zofuna kulimba mtima. Kuchita kumayamba, khalidwe limatsatira. Izi zikutembenuza mmene ambiri timaganizira. Timadikira kuti mtima usinthe kaye ndiye tiyambe kuchita bwino. Iye akuti yamba kuchita, ngakhale mtima ukukana, ndipo mtima udzakupeza m'njira. Anawonjezanso chenjezo loti msewu womwewo umapita mbali zonse ziwiri: pomanga ndi pamene pamatuluka amisiri abwino ndi amisiri oipa omwe. Bodza lililonse laling'ono ndi phunziro, ndipo wophunzira wake ndi iwe mwini. Chizindikiro chakuti khalidwe lakhazikika, malinga ndi iye, ndi pamene munthu ayamba kukondwera ndi chabwinocho. Amene akudziletsa akukukuta mano adakali pa ulendo.

Pali mfundo ina ya Aristotle imene anthu amaimva molakwa. Iye ankati ubwino umakhala pakati pa zoipa ziwiri, kuperewera ndi kupyola muyezo. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mosaganiza. Kupatsa kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza. Ena amamva ngati akunena kuti tizikhala ofunda, osatentha osazizira. Ayi. Pa nkhani ya mkwiyo ananena kuti kukwiya aliyense amatha, koma kukwiyira munthu woyenera, pa mlingo woyenera, pa nthawi yoyenera, pa chifukwa choyenera, ndiye kovuta. Ndiye kuti munthu amene sakwiya ngakhale akuona wofooka akuponderezedwa nayenso waphonya. Pakati pamenepa sipayezedwa ndi chingwe. Pamafuna diso lozindikira, ndipo diso limenelo limabwera ndi zaka ndi kulakwitsa. N'chifukwa chake iye ankati mnyamata akhoza kukhala katswiri wa masamu, koma n'kovuta kuti akhale ndi nzeru zoyendetsera moyo.

Ofufuza a masiku ano ayesa kuwerenga kuti chizolowezi chimatenga nthawi yaitali bwanji. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsata anthu 96 amene aliyense anasankha kanthu kamodzi koti azichita tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti kanthuko kamayamba kuchitika kokha patapita masiku pafupifupi 66 kwa munthu wapakatikati, koma ena zinawatengera masiku 18 pamene ena zikanawatengera 254. Kuphonya tsiku limodzi sikunagwetse ntchito yonse. Ndipo izi zinali tinthu tating'ono, monga kumwa madzi kapena kuyenda pang'ono. Kuleza mtima ndi kukhulupirika n'zolemera kuposa pamenepo.

Tsopano tifike pamene nkhaniyi imavuta, chifukwa pali umboni umene umagwedeza zonse ndanenazi. Mu 1928, Hugh Hartshorne ndi Mark May anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana asukulu masauzande ambiri ku America. Anawapatsa mipata yosiyanasiyana yobera mayeso, yonama ndi yotenga ndalama, anawo osadziwa kuti akuonedwa. Ankayembekeza kupeza gulu la ana oona mtima ndi gulu la ana achinyengo. Sizinatero. Mwana wobera m'kalasi nthawi zambiri sankabera pa masewera, ndipo wosanama kunyumba ankatha kunama kusukulu. Kudziwa zimene mwana wachita pamalo amodzi kunkathandiza pang'ono chabe kulosera zimene achite pena.

Kafukufuku amene amandikhudza kwambiri ndi wa John Darley ndi Daniel Batson, wofalitsidwa mu 1973. Anatenga ophunzira zaubusa a ku Princeton Theological Seminary, n'kumuuza aliyense kuti apite ku nyumba ina yapafupi akalankhule mwachidule. Ena anapatsidwa mutu wa ntchito zimene abusa angagwire, ena anapatsidwa fanizo la Msamariya wachifundo. Kenako ena anauzidwa kuti achedwa kale, athamange. Ena anauzidwa kuti nthawi yangokwana, ndipo ena kuti nthawi ilipo yambiri. Panjira anaikapo munthu atakhala chogwa pakhomo, mutu uli pansi, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anali ndi nthawi, 63 peresenti anaima kuti athandize. Mwa apakati, 45 peresenti. Mwa othamanga, 10 peresenti yokha. Mutu umene munthu ankapita kukalankhula sunasinthe zinthu kwenikweni. Ena amene ankapita kukafotokoza za Msamariya wachifundo anachita kumulumpha munthuyo. Ophunzirawo anali ochepa, 40 okha, choncho manambalawa tisawasenzetse katundu woposa mphamvu zawo. Komabe chithunzicho n'chovuta kuchiiwala: munthu ali ndi fanizo m'mutu, fanizolo lagona pamapazi pake, iye osaliona.

Stanley Milgram, ku yunivesite ya Yale kuyambira mu 1961, anaonetsa china choopsa. Anthu wamba anauzidwa ndi munthu wovala ngati wasayansi kuti azimuombetsa magetsi munthu wina akalakwitsa funso. Magetsiwo anali abodza koma iwo sankadziwa. Mwa amuna 40, okwana 26 anapitiriza mpaka pa mlingo womaliza wa mavoti 450, ambiri akutuluka thukuta ndi kunjenjemera.

Akatswiri ena ataona izi anafika ponena kuti khalidwe ndi nthano chabe, kuti chimene chimatiyendetsa ndi malo ndi nyengo imene tapezekamo. Ine ndikuona kuti anapyola. Pa 40 a Milgram aja, 14 anakana. Pa othamanga a ku Princeton, analipo amene anaima. Ndiponso ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti ukamuona munthu kambirimbiri, osati kamodzi, kusiyana kwa anthu kumaonekera ndithu. Chimene kafukufukuyu anagwetsa ndi chikhulupiriro chakuti khalidwe ndi mwala umene ukangoupeza sungasunthike. Ndipo anzeru akale sankakhulupirira zimenezo. Mukawerenga malangizo awo mosamala, gawo lalikulu silikamba za kulimba mtima pa nthawi ya mayesero. Limakamba za kukonza moyo kuti mayesero asakupeze uli wekha, wotopa, wothamanga.

Taonani nkhani ya anzathu oyenda nawo. Milgram anabwereza kafukufuku wake ataikamo anthu awiri ena, ochita kupangana nawo, amene pakati pa ntchito ankakana kupitiriza. Apa amene anafika pa mlingo womaliza anali 4 okha mwa 40. Anthu ake ofanana, lamulo lomwelo, koma kuona wina akukana kunawamasula. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola, timatero, koma zikuoneka kuti mbali inayo ndi yoonanso: mmodzi akaima, ena amapeza miyendo. Confucius ankalangiza kusankha bwino malo okhala ndi anthu ocheza nawo pa chifukwa chomwechi. Kusankha bwenzi ndi kusankha munthu amene udzakhale iwe patapita zaka khumi.

Taonaninso nkhani ya liwiro. Seneca, wanzeru wa ku Rome, analemba kuti mankhwala aakulu a mkwiyo ndi kuchedwa. Sananene kuti ukhululuke pomwepo, anangoti udikire, chifukwa mkwiyo umalemera poyamba ndipo ukaupatsa nthawi umaphwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pa zimene zinachitika ku Princeton, mwambi umenewu ndimaumva mwatsopano. Ophunzira aja sanali ankhanza. Ambiri mwa iwo mwina sanamuone n'komwe munthuyo ngati wofuna thandizo, chifukwa liwiro limachepetsa zimene diso limalandira. Munthu amene wadzaza tsiku lake mpaka pakamwa wadzichotsera yekha mpata wochitira chifundo, ngakhale mtima wake uli wabwino.

Epictetus, amene anabadwira mu ukapolo ku Hierapolis, m'dziko limene lero ndi Turkey, ndipo anadzakhala mphunzitsi ku Nicopolis atathamangitsidwa ku Rome ndi mfumu Domitian, anamanga chiphunzitso chake pa kusiyanitsa zinthu ziwiri: zimene zili m'manja mwathu ndi zimene sizili m'manja mwathu. Maganizo athu, zofuna zathu ndi zochita zathu ndi zathu. Thupi, chuma, mbiri ndi udindo zikhoza kulandidwa nthawi iliyonse. Munthu amene anakhalapo katundu wa munthu wina ankadziwa chimene akunena. Ankaphunzitsanso kuti chimene chimatisautsa kwambiri ndi mmene tikuchionera chinthu, kuposa chinthucho. Albert Ellis ndi Aaron Beck, amene anayambitsa njira zothandizira anthu ovutika maganizo zimene madokotala akugwiritsa ntchito mpaka lero, onse anavomereza kuti anatengako nzeru kwa Epictetus ndi anzeru anzake a chiphunzitso chomwecho. Koma chimene ndimakonda kwa Epictetus ndi kuphweka kwa malangizo ake. Kwa munthu wa mtima wapachala ankati uziwerenga masiku amene sunakwiye: kale tsiku lililonse, tsopano modumphitsa tsiku, kenako masiku atatu kapena anayi, ndipo ukafika masiku 30 uthokoze Mulungu. Marcus Aurelius, mfumu imene inalamulira Rome kuyambira chaka cha 161 mpaka 180 Khristu atabadwa, ankadzilembera yekha mawu odzikumbutsa, ena ali ku misasa ya nkhondo. Ankadziuza m'mawa kuti lero akumana ndi anthu osayamika, odzikuza ndi achinyengo, kuti akakumana nawo asadzidzimuke, ndipo akumbukire kuti ndi abale ake. Kapolo ndi mfumu ankachita chinthu chimodzi, kukonzekera mayesero asanafike.

Pali kafukufuku wina wotchuka amene amatiphunzitsa kusamala poweruza. Walter Mischel, ku yunivesite ya Stanford, ankaika switi patsogolo pa mwana n'kumuuza kuti akadikira alandira awiri. Ana amene anatha kudikira nthawi zambiri sanali oyang'anitsitsa switiyo akulimbana nayo. Anali amene ankatseka maso, kuimba, kapena kutembenukira kwina. Kudziletsa kunali luso lochotsa maso, osati mphamvu yokha. Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti mwana wodikira ndiye adzapambane m'moyo. Koma mu 2018 Tyler Watts ndi anzake anaunikanso nkhaniyi ndi ana ambiri a mabanja osiyanasiyana, n'kupeza kuti ukaganizira za chuma ndi maphunziro a m'banja, mphamvu ya kudikirako imachepa kwambiri. Mwana amene wakulira pamene lonjezo silikwaniritsidwa ali ndi chifukwa chomveka chotengera chimene chili pamaso pake. Izi zimandichititsa kuti ndisafulumire kunena kuti uje alibe khalidwe ndisanadziwe msewu umene wayenda. Aristotle mwiniwake anavomereza kuti n'kovuta kuchita zabwino ukusowa zofunika pa moyo.

Nanga zonsezi n'zopita kuti? Kukhala bwino n'chiyani? Aristotle ankati si chisangalalo cha kanthawi, koma moyo wonse wogwiritsa ntchito bwino zimene zili mwa munthu, ndipo anapatula gawo lalikulu la chiphunzitso chake kukamba za ubwenzi. Anausiyanitsa patatu: wa phindu, wa zosangalatsa, ndi wa anthu okondana chifukwa cha khalidwe. Awiri oyambawo amatha phindu kapena chisangalalo chikatha. Wachitatu ndi wosowa ndipo umafuna nthawi. Ku yunivesite ya Harvard kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938 ndi ophunzira aamuna 268, n'kudzaphatikizapo anyamata 456 a m'madera osauka a mzinda wa Boston. Anawatsata moyo wawo wonse, ndipo tsopano akutsata ana awo. Otsogolera ake, George Vaillant ndipo kenako Robert Waldinger, akhala akunena chinthu chimodzi: chimene chinkalosera bwino thanzi ndi chimwemwe cha ukalamba ndi ubwino wa maubale a munthu, kuposa chuma kapena kutchuka. Oyamba kutsatidwawo anali amuna achizungu okhaokha a dziko limodzi, choncho si chithunzi cha anthu onse. Komabe akunena zimene mwambi unanena kale, kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ndipo maubale amenewa amamangidwa ndi tinthu tomwe tija: kumvetsera osadula mawu, kusunga lonjezo, kuchedwa kukwiya.

Sindingamalize osanena chinthu chimene chimandipweteka. Anzeru amenewa nawonso anali akhungu pa zinthu zina. Aristotle, amene analemba mozama chotere za chilungamo, anaikira kumbuyo ukapolo ndipo ankaona akazi ngati otsika. Dziko limene anakuliramo linamuumba monga linaumbira ena onse, ndipo nzeru zake sizinamupulumutse pamenepo. Seneca ankalemba zonyoza chuma ali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri mu Rome, ndipo anali mphunzitsi ndi mlangizi wa Nero, mfumu yankhanza imene mu chaka cha 65 inamulamula kuti adziphe. Anthu a m'nthawi yake yomwe ankamunena za kusiyana kwa mawu ake ndi moyo wake. Iye sanakane. Anayankha kuti si wanzeru wofikapo, ndipo amakhutira ngati tsiku lililonse achotsako kanthu pa zoipa zake. Kwina anadzifanizira ndi wodwala amene akukambirana za matenda ndi anzake a m'chipinda chimodzi.

Seneca yemweyo anafotokoza zimene ankachita usiku uliwonse. Nyale ikachotsedwa, mkazi wake, amene ankadziwa chizolowezi chakecho, atakhala chete, iye ankabwereza tsiku lonse m'maganizo, mawu ndi zochita, osadzibisira kanthu. Ankadziuza kuti pa mkangano uja unalankhula mwaukali kwambiri, munthu uja unamudzudzula mopyola ndipo m'malo momukonza wangomukhumudwitsa. Akatero ankadziuza kuti usadzachitenso, lero ndakukhululukira, ndipo ankagona.